Dzina linabwezedwa, chilankhulo ayi: za Chilomwe m'minda ya tiyi ya ku Thyolo

Pa 21 February chaka chino ndinali kwathu ku Khonjeni. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndiye tonse tinangokhala pakhonde, wailesi ya amalume ikulira pampando. Wowerenga nkhani anati tsikulo ndi lokumbukira zilankhulo za makolo pa dziko lonse lapansi. Anganga, amayi awo a mayi anga, anali pamkeka akusadzula nkhwani. Anandifunsa kuti akuti tsiku la chiyani, ine n'kuwafotokozera monyadira pang'ono, poti ndi za ntchito yanga. Iwo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Ndiye iwe cha makolo ako n'chiti?"

Sichinali chipongwe, koma funsolo linandikhala pamtima. Ine ndinakulira m'Chichewa, ndinaphunzira m'Chingerezi, ndipo ndimadya za kufufuza zilankhulo. Chikokhola cha anganga ndimangotolamo apa ndi apo: moni, mayina a ndiwo, ndi mawu okalipira mwana akamasewera ndi moto. Mayi anga amamva zonse koma amayankha m'Chichewa. Anganga okha ndiwo amachilankhula, ndipo anzawo ocheza nawo m'chilankhulocho atsala awiri m'mudzi monse.

Tsiku la 21 February lili ndi eni ake, ndipo ndi bwino kuyamba ndi iwo. Dziko la Pakistan linakhazikitsidwa mu August 1947 lili ndi zigawo ziwiri zotalikirana makilomita oposa 1,500, India ali pakati. Anthu oposa theka la dziko lonselo ankakhala m'chigawo cha kum'mawa ndipo ankalankhula Chibengali. Koma atsogoleri ku Karachi anasankha Chiurdu, chomwe chinali chilankhulo cha kunyumba cha anthu ochepa chabe, kuti chikhale cha dziko lonse. Pa ndalama, pa masitampa, pa mafomu a ku positi panalembedwa Chingerezi ndi Chiurdu basi. Chibengali chinachotsedwanso pa maphunziro omwe munthu akanalembera mayeso olowera ntchito m'boma. Apa ndi pomwe panagona nkhani. Mnyamata wa ku Dhaka anaona kuti digiri yake isanduka pepala wamba, poti mnzake wa ku Lahore kapena Karachi azimuposa pa mayeso chifukwa cha chilankhulo chokha.

Mu September 1947 mphunzitsi wa pa yunivesite ya Dhaka, Abul Kashem, ndi anzake anayambitsa gulu la Tamaddun Majlish ndipo anasindikiza kabuku kofunsa ngati chilankhulo cha boma chikhale Chibengali kapena Chiurdu. Pa 25 February 1948 phungu Dhirendranath Datta anapempha nyumba yokonza malamulo a dziko ku Karachi kuti aphungu aziloledwa kulankhulanso Chibengali. Nduna yaikulu Liaquat Ali Khan inakana, n'kunena kuti pempholo likufuna kugawa dziko. Pa 11 March ophunzira anachita sitiraka, ambiri n'kumangidwa. Patangotha masiku khumi, Muhammad Ali Jinnah mwini wake anaima pa bwalo la mjaha wa akavalo ku Dhaka n'kulengeza kuti chilankhulo cha boma chidzakhala Chiurdu chokha. Anabwerezanso zomwezo pa 24 March ku Curzon Hall, ophunzira ena n'kumukuwiza. Panabweranso maganizo oti Chibengali chizilembedwa ndi zilembo za Chiarabu, zomwe zinangowonjezera mkwiyo.

Nkhaniyo inazirala kwa zaka zingapo mpaka pa 27 January 1952, pamene Khawaja Nazimuddin, yemwe tsopano anali nduna yaikulu, anabwereza mawu a Jinnah ku Dhaka komweko. Ophunzira anakonza zionetsero za pa 21 February. Boma linaletsa misonkhano, iwo anatuluka m'timagulu, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, kenaka anawombera pafupi ndi sukulu ya madokotala. Abul Barkat, Rafiquddin Ahmed ndi Abdul Jabbar anafa. Abdus Salam anamwalira mu April ndi mabala a tsikulo. Shafiur Rahman anaphedwa mawa lake. Ophunzira anamanga chipilala usiku umodzi, apolisi n'kuchigwetsa pa 26 February. Mu 1954 chipani cholamula chinagonja moipa pa chisankho cha m'chigawocho, ndipo malamulo a dziko a 1956 anavomereza Chibengali pamodzi ndi Chiurdu. Bungwe la UNESCO linasankha tsikuli mu November 1999, ndipo dziko lapansi linayamba kulikumbukira mu 2000.

Tikamaphunzitsa nkhani imeneyi kuno kwathu, timathamangira kuiyerekeza ndi Chitumbuka, ndipo si kulakwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, abwanamkubwa Shenton Thomas ndi Hubert Young ankafuna kuti Chinyanja chikhale chilankhulo cha sukulu zonse za m'Nyasaland. A mishoni ya Livingstonia, aphunzitsi ndi mafumu a kumpoto anakana, nkhani inakafika mpaka ku London, ndipo mu 1947 Chitumbuka chinavomerezedwa kukhala chilankhulo cha boma pambali pa Chinyanja. Kumpoto kunali zomwe ku Dhaka kunalinso: sukulu yapamwamba ya Overtoun ku Khondowe, makina osindikizira mabuku, ndi anthu ophunzira omwe ntchito zawo zinkadalira chilankhulocho. Nkhani imeneyo ena anailemba kale bwino, makamaka Leroy Vail ndi Landeg White. Ine ndikufuna ndiime pano pa Khonjeni, pomwe anthu anali ambiri kuposa Atumbuka koma nkhondo yawo inayenda njira ina.

Makolo a anganga anawoloka Ruo m'zaka za m'ma 1920. Sanali oyamba. Alomwe ena anali kale kuno kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa ndi kuphiri la Mulanje azungu asanadule malire, koma chikhamu chachikulu chinayamba kubwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Ankathawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho, chibalo, ndi mbalamatodya, kathabwa kobowolabowola komenyera m'manja kaja. Njala inathamangitsa ena, nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itadutsa m'dziko lawo inathamangitsa enanso, ndipo pambuyo pake kulima thonje mokakamizidwa kunabweretsa otsalawo. Kalembera wa atsamunda akuonetsa kukula kwake: mu 1921 anawerenga anthu oposa 120,000, mu 1931 oposa 235,000, ndipo mu 1945 pafupifupi 380,000.

Anabwera pa nthawi yomwe eni maesiteti ankalira anthu antchito. Tiyi anabzalidwa ku Mulanje ndi Henry Brown mu 1891, ku Thyolo, komwe azungu ankalemba Cholo, anafika mochedwerapo, ndipo anafalikira kwenikweni m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Njanji yomwe imadutsa pa siteshoni yathu ya Khonjeni inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ndiyo inkatsitsa katundu wa maesiteti kumunsi. Amang'anja ndi Ayao omwe anali kale pa malo a mafumu awo akanatha kukana ntchito ya mzungu nthawi ya dzinja, poti nawonso anali ndi minda yolima. Mlendo wochokera kutsidya analibe pokanira. Ankapatsidwa pomanga nyumba ndi kadimba pa malo a esiteti, malipiro ake n'kukhala thangata: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho, koma miyeziyo inkatalika malinga ndi mtima wa kapitawo. Tsiku losamaliza mgwazo silinkalembedwa pa tikiti. Lamulo la 1928 la anthu okhala pa maesiteti linalola mwini malo kuthamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu ake pakatha zaka zisanu zilizonse. Mnyamata akakwana zaka 16 analibenso ufulu wokhala pamalopo, ndipo mwamuna wodzakwatira mwana wamkazi wa pamudzipo analibe ufulu womanga. Kwa anthu a chikamwini, ganizirani nokha tanthauzo lake.

Tsono funso la ife a zilankhulo ndi ili: munthu wokhala moyo wotere, chilankhulo chake chimamuthandiza chiyani, ndipo chimamupweteka chiyani?

Pa esiteti ntchito inkayenda m'Chinyanja. Mzungu ankaphunzira Chinyanja chake chopotokapotoka, kalaliki wa pa sikelo ankaitana mayina m'Chinyanja, milandu kwa DC inkamasuliridwa m'Chinyanja. Kutchalitchi ndi kusukulu chimodzimodzi. A mishoni ya Blantyre anali atagwira kale ntchito pa Chimang'anja ndi Chiyao; dikishonale ya David Clement Scott inatuluka mu 1892, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa, komwe a Seventh-day Adventist anakhazikika mu 1902, mwana wa Mlomwe ankaphunzira kuwerenga m'Chinyanja ngati wina aliyense. Alendowo atafika anapeza mabuku atasindikizidwa kale, ndipo palibe anaona chifukwa chowonongera ndalama pa chilankhulo cha anthu omwe ankaganiziridwa kuti mwina abwerera kwawo.

Komanso sitiyenera kuiwala kuti iwo eni sanabwere ngati mtundu umodzi. Panali Amihavani, Akokhola, Amanyawa, Atakhwani, Amarenje ndi ena, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Mkokhola ndi Mmihavani akakumana pa mzere wothyola tiyi, kapitawo ali Myao, Chinyanja chinali pafupi.

Chomwe chinawaphatikiza poyamba chinali dzina lomwe anthu ena anawapatsa: Anguru. Ndikulilemba pano chifukwa mbiri siingafotokozeke popanda ilo, koma kwathu silitchulidwa mwamasewera. Linalowa m'makalata a boma, m'malipoti a kalembera, m'mabuku a eni maesiteti, ndipo linanyamula zonse zoipa zomwe munthu angamunenere mlendo wosauka: wauve, wakuba, wodya njoka, wosadziwa kanthu. Kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915 kutachitika, poti ambiri mwa omutsatira anali Alomwe a pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, dzinalo linawonjezeredwanso mbiri ya kuopsa.

Ndipo munthu ankadziwika ndi pakamwa. Apa ndilowe pang'ono m'zathu. Chilomwe chili m'gulu la Chimakhuwa, lomwe Malcolm Guthrie analiika mu P30, pomwe Chichewa chili mu N30. Chodziwika kwambiri m'gulu limeneli n'choti maphokoso omwe ife timatchula mb, nd, ng anataya m kapena n wa kutsogoloyo ndipo anauma. Mbuzi iwo amati epuri, mvula amati epula, nguluwe amati ekuluwe. Ndiye munthu wokulira m'Chilomwe akamalankhula Chinyanja, b amatsamira ku p, d amatsamira ku t, g amatsamira ku k. Anganga mpaka lero akati "bambo" mumamva ngati "pampo". Kwa wofufuza, ili ndi lamulo lokongola la kusintha kwa maphokoso. Kwa mwana wa sukulu, ndi chinthu chomwe anzako amakuseka nacho kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Mayi anga amasimba kuti tsiku lina anganga anabwera kusukulu kudzawapatsa chinangwa chophika, n'kuwaitana mokweza m'Chikokhola, ndipo mphunzitsi anabwereza mawuwo monyogodola kalasi yonse ikuseka. Kuyambira tsikulo mayi anasiya kuyankha m'Chikokhola ngakhale kunyumba. Palibe lamulo linalembedwa, palibe mfuti inalira.

Munthu yemwe anaimirira pa nkhaniyi anali Lewis Mataka Bandawe. Anabadwira kutsidya ku Mozambique mu 1887, anabwera ku Blantyre ali mnyamata, naphunzira pa mishoni ya Church of Scotland. Mu 1913 anabwerera kwawo kukagwira ntchito pa mishoni ya Mihecani, komwe anakhala mpaka 1928, ndipo kumeneko ndi komwe anagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Atabwerera ku Nyasaland anakhala womasulira pa khoti lalikulu ku Blantyre. Mbiri ya moyo wake inasindikizidwa mu 1971 m'buku la Memoirs of a Malawian, lomwe anakonza ndi Bridglal Pachai. Taonani munthu wake: wodziwa chilankhulocho mpaka kuchilemba, wodziwa Chingerezi cha m'khoti, wodziwa makomo a boma. Ngati panali woti atsogolere nkhondo ya chilankhulo, anali iyeyu.

Mu 1943 Bandawe anayambitsa Lomwe Tribal Society. Chachikulu chomwe bungweli linamenyera chinali choti boma lileke kugwiritsa ntchito dzina lonyoza lija, ndipo anthu ake azitchedwa Alomwe. Boma linavomera m'zaka zomwezo, ndipo dzinalo linachoka m'zolemba za boma. Sichinali chinthu chaching'ono. Anthu omwe kwa zaka makumi anayi ankalembedwa ngati alendo opanda kwawo anakhala mtundu wodziwika wa m'Nyasaland, ndipo magulu aja, Amihavani, Akokhola ndi enawo, anapeza dzina limodzi lomwe akanalitchula osachita manyazi. Izi zinachitika zaka zinayi Tamaddun Majlish isanabadwe ku Dhaka.

Koma chomwe Atumbuka anapeza mu 1947, Alomwe sanachipeze. Chilomwe sichinalowe m'kalasi, sichinalowe m'mayeso a ogwira ntchito m'boma, sichinalowe m'nyuzipepala ya Msimbi. Chipangano Chatsopano cha Bandawe chinalipo, koma mapemphero a ku Thyolo ndi ku Mulanje anapitirira m'Chinyanja.

Kale ndinkaona ngati apa Bandawe ndi anzake anaphonya, kuti anakhutira ndi chikwangwani n'kusiya nyumba ikudontha. Pano maganizo amenewo ndinawasiya. Mbengali ankateteza chinthu chomwe chinali kale ndi mtengo: chilankhulo cha mabuku a zaka mazana ambiri, cha Rabindranath Tagore yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1913, cha yunivesite yomwe inatsegulidwa mu 1921, cha anthu okhala pa nthaka ya makolo awo omwe anali ochuluka m'dziko lonse. Kumulanda Chibengali kunali kumulanda ntchito. Mlomwe wa pa esiteti zinali mosemphana. Chilankhulo chake n'chomwe chinkamuulula kuti ndi wa kutsidya, woti akhoza kuthamangitsidwa. Chinyanja n'chomwe chinkamupatsa ukapitawo, ukalaliki, mkazi kapena mwamuna wa Chimang'anja, ndi kamunda pa malo a mfumu. Kholo lomwe linkalankhula Chinyanja kwa mwana wake silinali lopusa kapena lodzida, linkamutchinjiriza. Chomwe anthu amenewa ankafuna choyamba chinali kuvomerezedwa kuti ndi a kuno, ndipo kusintha dzina kunali mbali ya nkhondo imeneyo.

Umboni wake ndi woti pamene anthu a ku Thyolo anafika pokhetsa mwazi, sanaukhetsere chilankhulo. Mu August 1953, patangotha chaka ndi theka chichitikireni za ku Dhaka, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, pamtunda pompa, unayatsa moto. Mphekesera zinafala, anthu anasonkhana, misewu inatsekedwa ndi mitengo, antchito anakana kulowa m'minda, ndipo chipwirikiti chinafalikira m'maboma oyandikana nawo. Anthu 11 anaphedwa. Pansi pake panali malo, thangata, ndi mantha a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinkayamba chaka chomwecho. Thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962. Anganga akamasimba za 1953 amasimba za asilikali ndi za kugona kutchire. Ndinawafunsapo ngati wina anatchulako za chilankhulo, iwo anangondiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi.

Kunena zoona, ngati tikufuna abale athu ku Bengal, si ophunzira a ku Dhaka ayi. Ndi anthu othyola tiyi a ku Sylhet. Kumeneko munda woyamba wa tiyi wamalonda unatsegulidwa ku Malnicherra m'zaka za m'ma 1850, ndipo Angerezi anakatenga antchito kutali, ku Bihar, ku Orissa, ku Chota Nagpur, mpaka ku Madras. Anthu amenewo anawaika m'malayini a pa esiteti, opanda malo awoawo, osiyana zilankhulo, otchedwa ndi dzina lonyoza limodzi. Zidzukulu zawo lero zimaphunzira m'Chibengali, ndipo zilankhulo zina zing'onozing'ono za makolo awo, monga Chikharia, zatsala pang'ono kuzimirira m'dzikomo. Chilankhulo chomwe anthu anachifera mu 1952 ndi chomwecho chikumeza zinzake m'minda ya tiyi. Sindikunena izi pochepetsa omwe anafa aja. Ndikungoti chilankhulo chimodzi chikhoza kukhala choponderezedwa kumtunda ndi chopondereza kumunsi, ndipo ife olemba m'Chichewa tikuyenera kuidziwa bwino nkhani imeneyi, poti Chingerezi chimatikhalira pamutu pomwe ife takhalira ena.

Ufulu utabwera zinthu zinangolimba. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu September 1968 ku Lilongwe unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo icho ndi Chingerezi zikhale za boma. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Kumpoto anthu anamva kuwawa chifukwa analandidwa chomwe anali nacho. Kuno ku Thyolo panalibe cholanda. Koma pali kanthu kena komwe sitikambakamba: ngakhale Chinyanja chomwe makolo athu anachiphunzira movutikira chija chinapezeka kuti si cholondola. Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972, muyezo unakhala kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati, komwe Dr Banda ankakakonda. Ife timati siku, zina, sopano; buku limati tsiku, dzina, tsopano. Ine ndemwe ndinachongedwapo ndi inki yofiira chifukwa cholemba "zuwa". Agogo anasekedwa chifukwa cha p, mdzukulu n'kudzalakwitsidwa chifukwa cha dz.

Manambala ake ndi awa, koma awerengedwe mosamala poti mafunso a kalembera sanali ofanana. Mu 1966 anthu 14.5 pa 100 aliwonse anati chilankhulo chawo cha kunyumba ndi Chilomwe. Chinali chachiwiri m'dziko muno, pamwamba pa Chiyao ndi Chitumbuka. Mu 1998, pa funso la chilankhulo chomwe chimalankhulidwa kawirikawiri pakhomo, Chilomwe chinapeza 2.4 pa 100. Mu 2018, pa funso la mtundu, pafupifupi 19 pa 100 anati ndi Alomwe. Ndiye kuti odzitcha Alomwe sanachepe, achuluka. Olankhula ndiwo anatha. Alfred Matiki ndi Edrinnie Kayambazinthu, omwe anafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990, analoza zifukwa zomwe aliyense wa kuno angazizindikire: manyazi, maukwati ndi mitundu ina, sukulu, ndi kusowa phindu la chilankhulocho pa msika wa ntchito. Ntchito ya Bandawe inagwira ndithu. Dzina lomwe analimenyera lija anthu mamiliyoni akulinyamula mosabisa.

Chiyambireni 1994 zitseko zatseguka, pang'ono. Ndime 26 ya malamulo aakulu a dziko imati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chomwe wasankha. Mu 1996 wailesi ya MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chilomwe, m'Chiyao ndi m'Chisena, ndipo Centre for Language Studies inalowa m'malo mwa Chichewa Board. Chaka chomwecho unduna wa maphunziro unalengeza kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku sanabwere, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linapereka zonse ku Chingerezi. Kuno funso linali lovutirapo: chilankhulo cha kwawo cha mwana wa ku Khonjeni mu 1996 chinali chiti? Ambiri anali atabadwira kale m'Chichewa ngati ine. Mulhako wa Alhomwe, womwe unakhazikitsidwa pa mwambo wa ku Chonde m'boma la Mulanje mu October 2008 mothandizidwa ndi Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo konkuno, unabweza ulemu wambiri. Gule wa tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Kalongonda yemwe kale ankadyedwa mobisa tsopano amagulitsidwa poyera. Koma pitani ku Chonde mukamvetsere: moni ndi mfuu zimakhala m'Chilomwe, zokamba zenizeni n'kutembenukira m'Chichewa, chifukwa apo ayi khamulo silimva. Sindikuseka, inenso ndimakhala m'khamu lomwelo, ndikudikira womasulira.

Madzulo a tsiku lija ndinatulutsa foni kuti ndijambule anganga. Ndinali ndi mndandanda wa mawu mazana awiri womwe timagwiritsa ntchito poyerekeza zilankhulo, ndipo tinayenda bwino pa ziwalo za thupi, pa ziweto, pa zakumunda. Titafika pa mawu a ntchito ya tiyi, zonse zinatuluka m'Chinyanja ndi m'Chingerezi chopindidwa: mgwazo, tikiti, sikelo, phoso, fakitale, kapitawo. Ndinawafunsa kuti m'Chikokhola amati chiyani. Anati, "Tiyi tinam'peza kuno. Kwathu kunalibe mgwazo." Kwathu kumeneko iwo sanapondeko chibadwire.

Kenaka ndinalimba mtima n'kufunsa chomwe ndinkafuna kufunsa kuyambira m'mawa, kuti bwanji sanawaumirize mayi kuti azilankhula. Anakhala chete kanthawi akupukuta manja pa chitenje. "Ndikanamuumiriza kuti akadye chiyani nacho? Amako analembedwa ntchito ya uphunzitsi chifukwa pakamwa pawo panalibe Chikokhola. Iwe wapita ku Zomba chifukwa cha amako. Lero ukubwera ndi foni kuti ndikubwezere." Amalume anaseka, mayi sanaseke.

Itakwana nthawi ya nkhani za m'Chilomwe, amalume anakweza wailesi kuti anganga amve. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali. Ndinawafunsa ngati amva zonse. Anati amva, koma chimenecho si chawo, n'cha anthu a ku Phalombe. Ndiye anandiuza kuti ndiyatsenso foni ija, tiyambirenso pa mawu a mvula, poti ulendo woyamba ndinatchula molakwa ndipo iwo anangondilekerera.